Kojambulira ndege zotera movuta: Maho, Skiathos, Madeira, Innsbruck kapena Lukla?

Vidiyo ya ndege imene ikulimbana ndi mphepo imaimitsa mtima. Koma chithunzi cha ndege yomweyo, chojambulidwa pa sekondi yomweyo, nthawi zambiri chimatuluka chozizira: ndege yoyera pa thambo lotuwa, basi. Kugwedezeka kwake, phokoso lake ndi mfuu ya anthu oonerera, zonsezo kamera siitenga. Chimene chimauza munthu kuti apa panali pothina ndi chinthu china chimene chalowa m'chithunzi pamodzi ndi ndegeyo: mitu ya anthu pansi pa matayala, phiri kuseri kwa phiko, nyanja pothera msewu wa ndege, kapena mzere wa nthaka wosonyeza kuti ndege yapendekeka.

Choncho mbiri ya bwalo payokha isakutengeni mtima. Mabwalo otchuka ndi kutera kovuta sapereka chithunzi chofanana, ndipo ena mwa otchuka kwambiri ndi amene amabweza wojambula chimanjamanja. Poyerekeza, funsani zitatu: kuseri ndi pansi pa ndege kuli chiyani, pa tsiku pamatera ndege zingati, ndipo pamalo pamene amalola munthu kuima, dzuwa limakhala mbali iti ndegezo zikamafika.

## Masamu ochepa musanagule tikiti

Airbus A320 ndi yotalika mamita 37.6. Pa kamera ya full frame (ya sensa yaikulu), kuti ndegeyo idzaze chithunzi n'kusiya kamalo kutsogolo ndi kumbuyo, tengani mtunda wa pakati pa inu ndi iyo m'mamita, muchulukitse ndi 0.8. Yankho lake ndiye mamilimita a lenzi imene ikufunika. Ndege ili pa mamita 30, mukufuna 24mm. Pa mamita 300, mukufuna 240mm. Pa kilomita imodzi mukufuna 800mm, koma pamenepo mdani wanu amakhala mpweya wotentha wa pamwamba pa tara, uja umachititsa msewu kuoneka ngati ukuvina masana a mu Okutobala ku Chikwawa. Palibe lenzi, ngakhale yodula bwanji, imene imaugonjetsa. Ngati kamera yanu ndi ya APS-C (ya sensa yocheperapo), gawani yankho lija ndi 1.5. Kandege ka Twin Otter, kotalika mamita 15.8 okha, kamafuna lenzi yaitali kuposa kawiri pa mtunda womwewo.

Ndege yaikulu ikamatera imathamanga pafupifupi makilomita 260 pa ola, kapena kuti mamita 72 pa sekondi. Pa shutter (nthawi imene kamera imatsegukira kuwala) ya 1/250 ya sekondi imakhala yasuntha masentimita pafupifupi 30, pa 1/1000 masentimita 7 okha. Ndiye ndege za jeti yambirani pa 1/1000, bowo la lenzi pa f/8, ISO (mphamvu ya sensa yomvera kuwala) izidzisintha yokha, kamera izitsata ndege mosalekeza pa AF-C kapena AI Servo.

Ndege zambiri zimatsika pa madigiri 3, n'kudutsa poyambira msewu zili mamita pafupifupi 15 m'mwamba. Mamita 100 aliwonse amene mwatalikira kuchoka poyambirapo, ndege imakhala yakwera mamita 5 ena. Ndiwo masamu amene amapangitsa gombe limodzi kutchuka dziko lonse pamene lina, lotalikirako theka la kilomita, palibe amalidziwa.

Nambala yolembedwa pa msewu wa ndege ndi kampasi: 09 ndi kum'mawa, 18 kummwera, 27 kumadzulo, 36 kumpoto. Ndege imatera moyang'anana ndi mphepo, choncho mukadziwa kochokera mphepo mwadziwa mbali yoima. Chimodzi chimene chimasokoneza anthu ochokera kuno: pafupifupi mabwalo onse amene titchule ali kumpoto kwa equator, ndipo ku Ulaya ndi ku Himalaya dzuwa la masana limakhala kummwera. Mukaima kummwera kwa msewu wa ndege, lili kumsana kwanu.

## Ndege pamutu penipeni: Maho kapena Skiathos

Gombe la Maho lili pothera msewu 10 wa bwalo la Princess Juliana, ku Sint Maarten, mbali ya Netherlands ya kachilumba ka ku Caribbean. Msewuwo ndi wa mamita 2,300. Pakati pa mchenga ndi mpanda wa bwalo pali kamsewu ka magalimoto kokha. Mphepo ya kumeneko imachokera kum'mawa pafupifupi chaka chonse, motero ndege zimatulukira kunyanja, kumadzulo, n'kudutsa pamwamba pa osambira.

Cholakwa cha pafupifupi aliyense wofika koyamba ndi kuima pansi penipeni pa njira ya ndege ndi lenzi ya 16mm. Lenzi yotambasula imachepetsa ndege n'kuikankhira m'mwamba, ndipo chotuluka ndi mimba ya ndege yakuda pa thambo lowala. Jambulani chimodzi chotero kuti mtima ukhale m'malo, kenako sunthirani kumapeto kwa gombe, chakummwera kumene kuli Sunset Bar. Kuchokera pamenepo, pa mamita 80 mpaka 120, lenzi ya 35 mpaka 70mm imagwira ndege cham'mbali, anthu ali m'munsi mwake, ndipo kutsika kwake kumaoneka mmene kulili. Ndege zazikulu zochokera ku America ndi ku Ulaya zimafika masana ndi chakumadzulo, nthawi imene dzuwa lapendekera kunyanja, kumene ndegezo zikuchokera. Woyang'ana kunyanja amajambula chithunzithunzi chakuda; woyang'ana kumpoto, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi, ali ndi kuwala kwabwino. Pano shutter ikwere kufika 1/2000, chifukwa ndege yapafupi imadutsa m'chithunzi mofulumira kwambiri.

Mchenga ndi mchere ndizo zimapha zida. Ndege yonyamuka imayamba yatembenuzira mainjini ake kugombe, ndipo mphepo yake imauluza mchenga ngati zipolopolo. Valikani fyuluta ya UV kutsogolo kwa lenzi, musasinthe lenzi pagombe, ndipo madzulo yambani mwauzira mchenga ndi kapampu musanapukute galasi. Kupukuta mchenga ndi nsalu n'kukwecha lenzi ndi sandipepa. Za mpandawo musayese n'komwe. Mu Julayi 2017 mayi wina wa ku New Zealand anamwalira pamalopo atakankhidwa ndi mphepo ya ndege yonyamuka n'kumenyetsa mutu pa simenti.

Ubwino wina wa Sint Maarten ndi anansi ake. Ku St Barthélemy, ulendo wa mphindi zochepa pa kandege, msewu ndi wa mamita pafupifupi 650, ndipo tindege timatsetsereka pamwamba pa phiri, kudutsa pang'ono chabe pamwamba pa magalimoto a pa msewu wa Col de la Tourmente, n'kugwera pabwalo m'munsi. Pa chithunzi chosayenda, malo amenewo amaposa Maho, chifukwa mphuno ya ndege imaloza pansi ndipo msewu ndi nyanja zonse zimalowa m'chithunzi chimodzi. Ku Saba kuli msewu wa mamita 400, maphompho mbali zonse ziwiri, koma ndege zake n'zowerengeka pa tsiku.

Skiathos, ku Greece, ndi Maho wa munthu wa thumba lochepa. Msewu wake ndi wa mamita 1,628, nyanja kumapeto konse kuwiri, ndipo poyambira pake pa kummwera pali msewu wa magalimoto woyandikana ndi doko, mtunda woyenda pansi kuchokera m'tawuni. Chifukwa msewu ndi waufupi, oyendetsa ndege safuna kutaya ngakhale mita imodzi, ndiye amabwera motsika. Vidiyo ya Airbus A321neo ya Wizz Air imene inadutsa pamitu pa anthu mu Ogasiti 2022 inajambulidwa pamenepa. M'chilimwe cha kumeneko mphepo ya meltemi imachokera kumpoto, choncho ndege zambiri zimatera kuchokera kudoko, mbali imene mukuifuna. Msewu waloza kumpoto ndi kummwera: m'mawa imani kum'mawa kwake, masana akapendeka wolokerani kumadzulo.

Kusiyana kwake n'kotere. Ku Skiathos simudzaona ndege yaikulu ngati A330; ndi Boeing 737, A320 ndi A321. Ndiponso nyengo yake ndi Meyi mpaka Okutobala basi; miyezi ina kumatera tindege tochokera ku Athens. Ku Maho kumatera ndege chaka chonse, ngakhale kuti Juni mpaka Novembala ndi nyengo ya namondwe, ndipo namondwe Irma anaphwasula bwalolo mu Seputembala 2017. Koma kuchokera ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg, ulendo wa ku Caribbean umadzera ku Amsterdam, Paris kapena America, ndipo tikiti yake ingakulipirireni maulendo angapo a ku Greece ngati muli kale ku Ulaya. Amene wafika ku Greece aganizirenso Corfu: kamlatho ka oyenda pansi ka ku Kanoni kali pansi pa njira ya ndege, ndipo kanyumba koyera ka amonke ka Vlacherna kamalowa m'chithunzi.

## Kulimbana ndi mphepo: Madeira, ndi ena otsatira

Kwa munthu amene akufuna zithunzi zosiyanasiyana pa ulendo umodzi, Madeira ndiye mwini nkhani. Bwalo lake, limene kuyambira 2017 limatchedwa ndi dzina la Cristiano Ronaldo, lili ku Santa Cruz, pakati pa mapiri ndi nyanja ya Atlantic. Kale msewu wake unali wa mamita 1,600, ndipo pa 19 Novembala 1977 Boeing 727 ya TAP, kampani ya ndege ya ku Portugal, inapitirira msewuwo n'kupha anthu 131. Lero ndi wa mamita 2,781, ndipo chigawo chimene anawonjezera mu 2000 chinakhazikika pa zipilala 180 za simenti. Kutalika kwa msewu kunatheka. Mphepo ndi imene inakana.

Mphepo ya kumpoto ikagunda mapiri a chilumbachi imatsikira pabwalo ili yophwanyikaphwanyika, kwina kukankha, kwina kusiya. N'chifukwa chake bwaloli lili ndi malire a mphepo amene ndi lamulo, ndipo kwa mphepo yotsika kumapiri malirewo amayambira pa ma knot 15 okha, pafupifupi makilomita 28 pa ola. Woyendetsa wamkulu amafunika maphunziro apadera asanaterepo. Potera pa msewu 05, ndege imabwera pamwamba pa nyanja, kupitirira bwalo, n'kukhota kumanja pafupifupi madigiri 180 moyang'ana kumapiri, ndipo imawongoka itatsala pang'ono kufika. Kukhota kumeneko ndiko chuma cha wojambula: ndege yapendekeka, mapiko onse akuoneka, kuseri kuli nyanja kapena nyumba za madenga ofiira zokwera phiri.

Malo awiri ndi okwanira kuyambira. Ku Rosário, kufupi ndi poyambira msewu 05, lenzi ya 70-200mm imagwira kukhota ndi kutera. Pa Pico do Facho, phiri la pamwamba pa Machico, mumayang'ana bwalo lonse kuchokera kumwamba, zipilala zikuoneka, ndipo pamafunika 100-400mm. Ku Rosário, popeza malo oima ali kumtunda ndipo mumayang'ana kum'mawa ndi kummwera, m'mawa dzuwa limakhala m'maso. Zithunzi zabwino kumeneko ndi za masana akapendeka.

Tsiku la mphepo lili ndi luso lake. Phunzirani kuwerenga METAR, lipoti lalifupi la nyengo ya pabwalo, imene ku Madeira mumaipeza ndi zilembo LPMA. Mukaona 35018G30KT, ndiye kuti mphepo ikuchokera pa madigiri 350, liwiro lake ma knot 18, nthawi zina kufika 30. Siyanitsani ndi kumene msewu waloza: kusiyana kwa madigiri 30 kumatanthauza kuti theka la mphepoyo likukankha ndege cham'mbali, madigiri 60 pafupifupi yonse. Ndege yolimbana ndi mphepo yam'mbali imabwera chankhanu, mphuno italoza kumphepo, n'kuwongoka matayala atatsala pang'ono kugunda. Chankhanucho chimaoneka kwa munthu amene ali kutsogolo kapena kumbuyo kwa ndege, mzere wa msewu uli m'chithunzi. Woima cham'mbali sachiona konse. Ndipo musadule nthaka m'chithunzi, chifukwa popanda mzere wowongoka woona adzangoti munapendeketsa kamera ndinu.

Zolakwika zake n'zodziwika. Wojambula amayamba kuwombera zithunzi 20 pa sekondi ndege ikadali kutali, kamera n'kudzaza, n'kuyamba kutsamwa pa nthawi yeniyeni imene tayala limodzi lagunda tara, utsi uli fuu. Womberani pang'onopang'ono, zitatu kapena zisanu, n'kusunga mpata wa sekondi zomaliza. Wina amatsitsa kamera matayala akangogunda, osadziwa kuti ku Madeira ndege ikhoza kugunda n'kunyamukanso. Dikirani mpaka zitseko za pamwamba pa mapiko zitadzuka ndipo ndege yayamba kufooka. Mphepo imene ikuvutitsa ndege ikuvutitsanso inu: chipewa cha lenzi yaitali chimakola mphepo ngati tanga, choncho chichotseni ngati kulibe mvula, tsamirani khoma, ndipo stabilizer (chochepetsa kugwedezeka) ikhale pa mode 2, yotsatira chinthu choyenda, ngati lenzi ili nayo.

Walira mvula walira matope. Mphepo ikapyola malire, ndege zimazungulira m'mwamba n'kupita ku Porto Santo, ku Canary Islands kapena kubwerera ku Lisbon, inu muli pa phiri kuyang'ana msewu wopanda kanthu. Ndege yanu yobwerera nayonso ikhoza kulephera kubwera. Siyani tsiku limodzi kapena awiri opanda pulogalamu kumapeto kwa ulendo, ndipo masiku a viza asathere pa tsiku lenileni lonyamuka. Kwa a ku Mozambique njira ndi yosavuta, popeza TAP imauluka kuchokera ku Maputo kupita ku Lisbon, ndipo kuchoka pamenepo ndi maola osakwana awiri.

Gibraltar ili ndi chithunzi chimodzi chabwino kwambiri ndi ndege zochepa kwambiri. Thanthwe lake la mamita 426 limasokoneza mphepo ya kummwera chakumadzulo, ndipo ndege zikalephera zimapita ku Málaga. Mukakwera kumene kuli Great Siege Tunnels mumayang'ana msewu wonse pansi, dzuwa kumsana. Koma chithunzi chotchuka chija cha magalimoto ataima pa geti kudikira ndege chinatha mu Malichi 2023, pamene anatsegula ngalande yodutsa pansi. Oyenda pansi ndi a njinga ndi amene amaolokabe pamwamba. Pitaniko ngati muli kale kummwera kwa Spain.

Amene amakhala ku Britain asanyoze fodya wa pamphuno. Myrtle Avenue, kakapinga kofikirika pa mapazi kuchokera pa siteshoni ya Hatton Cross, kali pambali pa njira ya msewu 27L wa Heathrow. Ndege imadutsa mphindi ziwiri zilizonse kapena kucheperapo, kuphatikizapo A380, ndipo tsiku la namondwe ngati Eunice wa pa 18 Febuluwale 2022 limapereka kulimbana ndi mphepo kochuluka kuposa sabata yathunthu kwina. Ingokumbukirani kuti misewu iwiri ya bwaloli amaisinthanitsa 3 koloko masana, ndiye onani ndandanda ya sabata imeneyo musananyamuke. Kuseri kwa ndege kulibe chokongola, koma pophunzirira manja palibe poposa apa.

## Mapiri: Innsbruck, Paro, Lukla

Pa atatuwa, Innsbruck ya ku Austria ndiyo yokha imene munthu angapiteko ndi cholinga cha ndege basi osanong'oneza bondo. Msewu wake wa mamita 2,000 wagona m'chigwa cha mtsinje wa Inn, kuloza kum'mawa ndi kumadzulo, mapiri a Nordkette ataima kumpoto kwake ngati khoma. Imani kummwera, gwiritsani 300 kapena 400mm, ndipo phirilo limasendera kuseri kwenikweni kwa ndege. Tsiku lake ndi Loweruka, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pamene ndege za anthu okasewera pa chipale chofewa zimafika motsatizana kuchokera ku Britain, Netherlands ndi Scandinavia. Mphepo ya kummwera yotchedwa Föhn ikawomba, kutera kumavuta ndipo mpweya umayera mbee.

Kuzizira kumachotsa kuvina kwa mpweya kuja, motero lenzi yaitali imagwira bwino kuposa kwina kulikonse. Kumabweretsa mavuto ake atatu. Kuyera kwa chipale kumanamiza kamera n'kudetsa chithunzi, choncho wonjezerani kuwala ndi +0.7 kapena +1. Mabatire amatha msanga. Osungira akhale m'thumba la mkati, pafupi ndi thupi. Ndipo kamera yozizira ikalowa m'chipinda chofunda imachita thukuta mpaka mkati mwa lenzi. Ikulungeni mu jumbo musanalowe, muisiye ola limodzi.

Paro, ku Bhutan, ili pa mamita 2,235, pamwamba kuposa nsonga ya phiri la Zomba. Ndege za Drukair ndi Bhutan Airlines, ma A319 ndi A320neo, zimakhotakhota m'chigwa masana okha, ndipo oyendetsa ololedwa kuterapo ndi ochepa. Pali malo oonera pamwamba pa bwalo, m'mbali mwa msewu wa magalimoto, pamene ndege imaoneka m'munsi mwanu pamodzi ndi minda ya mpunga. Chithunzi chake n'chosowa anzake. Koma ndege ndi zochepa, zambiri zimafika m'mawa mphepo isanadzuke, ndipo boma limalipiritsa mlendo madola 100 usiku uliwonse, kupatula malo ogona ndi chakudya. Mukawerengera mtengo wa chithunzi chimodzi, Paro ndi yodula kuposa onse.

Lukla, ku Nepal, ndi nkhani ina. Bwalo la Tenzing-Hillary, limene Edmund Hillary anatsogolera kumanga mu 1964, lili pa mamita 2,845, pang'ono chabe pansi pa Sapitwa. Msewu ndi wa mamita 527, wotsetsereka moti kumtunda kwake kwakwera mamita pafupifupi 60 kuposa kumunsi. Ndege imatera chokwera, n'kunyamuka chotsika kulowera kuphompho. Kutsogolo kuli khoma la phiri, ndiye ikatsika kwambiri mwayi wozungulira kuti iyesenso umakhala kulibe. Njira ya oyenda pansi imadutsa kumtunda kwa msewu, ndipo pamenepo 70-200mm ndi yokwanira. Kunja kukayera, ndege zimabwera mothamangitsana m'mawa, mitambo isanatseke chigwa. Kukachita chifunga, mukhoza kukhala masiku osaona ndi imodzi yomwe, yanu yobwerera ili m'gulu lomwelo.

Zotera pano ndi Twin Otter, Dornier 228 ndi Let L-410, zonse za mapulopela, ndipo malamulo a shutter amatembenuka. Pa 1/1000 pulopela imauma, ndege n'kuoneka ngati yazima injini ikugwa. Tsikani pa 1/250, ndipo manja akazolowera kutsata ndege, pa 1/160. Gwiritsani shutter ya makina, chifukwa ya magetsi pa makamera ambiri imapinda mapulopela ngati nthochi. Shutter yochedwa dzuwa likuwala imakakamiza f/13 kapena f/16, pamene kafumbi kalikonse ka pa sensa kamaonekera pa thambo. Yeretsani sensa musananyamuke, kapena valikani fyuluta ya ND, yochepetsa kuwala. Malangizo omwewa ndi a ku St Barthélemy ndi Saba.

Katundu wololedwa pa tindege ta ku Lukla ndi makilogalamu 15 onse pamodzi, choncho lenzi ya 600mm isiyeni kunyumba. M'miyezi ya alendo ambiri, Malichi mpaka Meyi ndi Okutobala mpaka Novembala, ndege zambiri zimanyamukira ku Ramechhap, maola 4 kapena 5 pa galimoto kuchokera ku Kathmandu. A pasipoti ya Zimbabwe adziwe kuti Nepal sipereka viza yofikira pabwalo kwa iwo, itengeretu. Lukla ndi ya munthu amene akupita kale kukayenda njira ya ku Everest.

## Mpanda ndi apolisi

Safunsa anadya phula. Mu Novembala 2001 anthu 14 okonda ndege, 12 a ku Britain ndi awiri a ku Netherlands, anamangidwa ku Kalamata, ku Greece, pa bwalo la asilikali. Khoti linawapeza olakwa pa milandu yokhudza ukazitape, ndipo anamasuka pa apilo patatha chaka. Mabwalo ena a anthu wamba amagawana msewu ndi asilikali, ndipo wa ku Gibraltar ndi wa asilikali a Britain. Pa gombe la Maho kapena pa Myrtle Avenue palibe adzakufunsani kanthu, koma chizolowezi chimenecho musachitengere kwina. Yendani ndi chiphaso, wapolisi akafunsa muonetseni zithunzi mwaulemu, musakwere kapena kuboola mpanda, ndipo drone isatuluke m'chikwama pafupi ndi bwalo lililonse. Wailesi yomvera zokambirana za oyendetsa ndege ndi yoletsedwa m'mayiko ena. Flightradar24, pulogalamu ya pa foni yoonetsa pamene ndege zili, imakuuzani zokwanira. Kuno kwathu, kaya ndi ku Lumbadzi kapena ku Chileka, lenzi yaitali pa mpanda popanda chilolezo cha akuluakulu a bwalo ikhoza kukugonetsani kupolisi.

## Ndani apite kuti

Wa foni yokha kapena lenzi imodzi ya 24-70mm apite kumene ndege imabwera yokha pafupi: Skiathos, Corfu, kapena Maho ngati thumba likulola. Wa 100-400mm amene ali ndi sabata imodzi asankhe Madeira, ndipo ngati ndi nyengo yozizira ya ku Ulaya aphatikize Loweruka limodzi ku Innsbruck; viza imodzi ya Schengen imatsegula Portugal, Greece ndi Austria. Wa ku South Africa amene akufuna chosowa aganizire St Helena, kumene mphepo yosinthasintha inachedwetsa ndege za anthu mpaka Okutobala 2017. Airlink imapitako ndi Embraer E190 kuchokera ku Johannesburg, koma maulendo ake ndi owerengeka pa sabata, ndipo ndege imene mungaijambule ikutera ndi yomwe yabwera kudzakutengani.

Zithunzi zimene zimakopa anthu pa intaneti zambiri n'zakale. Boeing 747 ya KLM inasiya maulendo ake a nthawi zonse odutsa pa Maho mu Okutobala 2016. Ndege zazikulu zochokera kunja zimene zinkakhota pamwamba pa nyumba za Tegucigalpa polowa ku Toncontín zinasamukira ku Palmerola kumapeto kwa 2021. Kai Tak ya ku Hong Kong, kumene ma 747 ankakhota madigiri 47 pakati pa nyumba zosanja, inatsekedwa mu Julayi 1998. Musanalipire kalikonse, tsegulani ndandanda ya ndege zofika pa bwalo limene mwasankha, muitsate masiku 7 otsatizana a nyengo imene mukufuna kupita. Lembani mtundu wa ndege iliyonse, ola limene yatera ndi msewu umene yagwiritsa ntchito, kenako fufutani zonse zofika usiku ndi zofika dzuwa lili m'maso mwanu. Zikatsala zosakwana 5 pa tsiku, wonjezerani masiku kapena sankhani bwalo lina.